Tchaikovsky, kalaliki amene anasiya ofesi n'kutsata nyimbo

Pyotr Ilyich Tchaikovsky anabadwa pa 7 Meyi 1840 ku Votkinsk, m'dziko la Russia, kumene bambo ake ankayang'anira fakitale ya zitsulo. Ali ndi zaka 14, mayi ake anamwalira ndi kolera.

Makolo ake anamutumiza kusukulu ya zamalamulo ku St Petersburg, ndipo mu 1859 anayamba ukalaliki ku unduna wa zachilungamo. Koma mtima wake unali pa nyimbo. Mu 1863 anasiya ntchito ya malipiro a mwezi ndi mwezi kuti aphunzire kupeka nyimbo, ndipo pofika 1866 anali mphunzitsi pasukulu ya zoimbaimba ku Moscow. Banja limene anamanga mu 1877 silinakhalitse. Amene anamuchirikiza kwa zaka zoposa khumi ndi Nadezhda von Meck, mayi wamasiye wachuma, yemwe ankamupatsa ma ruble 6,000 pachaka. Awiriwa ankalemberana makalata ambiri koma anagwirizana kuti asamakumane.

Monga momwe pa chisangalalo ku Metangula kapena ku Cobue mganda ndi chioda zimatsatizana tsiku limodzi, ku St Petersburg anthu ankatha kuonera sewero loimba kenako gule usiku umodzi. Pa 18 Disembala 1892, m'nyumba ya zisudzo ya Mariinsky, anaonetsa koyamba ntchito ziwiri za Tchaikovsky: Iolanta, opera imene nkhani yake imaimbidwa, ndi The Nutcracker, gule wofotokoza nthano popanda kulankhula.

Mawu a Iolanta analemba ndi mng'ono wake Modest. Ndi nkhani ya mwana wamkazi wa mfumu amene anali wosaona koma osadziwa, chifukwa bambo ake analetsa aliyense kumuuza. Sing'anga anachenjeza kuti sangachire pokhapokha adziwe vuto lake ndi kufunitsitsa kuona. Chinsinsicho chinaululika pamene mlendo anamupempha duwa lofiira, iye n'kuthyola loyera. Atamva za kuwala, analola chithandizo ndipo anayamba kuona.

Pambuyo pake ntchito ziwirizi zinayamba kuonetsedwa payokhapayokha. Mu 2016 Dmitri Tcherniakov anazilumikizanso ku Palais Garnier mumzinda wa Paris, ndipo chionetserocho chinajambulidwa pa kanema.

Tchaikovsky anamwalira pa 6 Novembala 1893 ali ndi zaka 53, patangopita masiku asanu ndi anayi chitsogolereni nyimbo yake yaikulu yomaliza. Madokotala anati ndi kolera, matenda omwe aja anatenga mayi ake, ndipo Modest analemba kuti mkulu wakeyo anamwa madzi osawiritsa pa nthawi imene mliriwo unali mumzinda. Anaikidwa m'manda a ku Alexander Nevsky ku St Petersburg.