William Cowper, Wolemba Nyimbo Wosweka Mtima

William Cowper anabadwa ku Mangalande m'chaka cha 1731. Amai ake anamwalira iye atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 6. Atakula anadwala matenda a maganizo, ndipo mu 1763 anayesa kudzipha. Ali m'chipatala ku St Albans anatembenuka mtima atawerenga Aroma 3:25. Koma mu 1773 matenda aja anabweranso, nayamba kuganiza kuti Mulungu wamtaya. Mai Mary Unwin, amene anali amasiye, pamodzi ndi Abusa John Newton a ku Olney, sanamsiye yekha ai. Nyimbo zake zauzimu zinasindikizidwa mu 1779, zina zikuimbidwabe. Anamwalira mu 1800, chisoni chisanamchoke.

Amai anzanga a Mvano kuno ku Phalombe, Mkhristu nayenso amadwala chotere. Tisamuweruze, koma tizikamuzonda.