ROGER WILLIAMS, MBUSA WOPIRIKITSIDWA

Mwa anthu amene anayamba midzi ya Angerezi m'dziko la America alipo mmodzi amene tiyenera kumkumbukira, ndiye Roger Williams. Anali mbusa, ndipo anataya nyumba ndi mpingo wace cifukwa ca mau awiri amene anakana kuwameza: kuti boma lisaumirize munthu pa za kupembedza, ndi kuti dziko lisalandidwe kwa eni ace.

Anabadwira mu London pafupi ndi caka ca 1603, ndipo atate wace anali wa malonda a nsaru ndi zobvala. Akali mnyamata anadziwa kulemba mau msanga ndi zizindikiro zazifupi. Woweruza wamkuru, Sir Edward Coke, anaona luso laceli namthandiza kulowa sukulu, kufikira anatsiriza maphunziro ku Cambridge mu 1627. Masiku amenewo lamulo la England linafuna kuti anthu onse apembedze mu Eklesia wa Mfumu, ndipo okana analipitsidwa kapena kuponyedwa m'ndende. Cifukwa cace ambiri anaoloka nyanja kukafuna malo opempherera mwa mtendere. Williams ndi mkazi wace Mary anatsata iwowa, nafika ku Boston, m'dziko la Massachusetts, mu Febuluwale 1631.

Kumeneko anapeza kuti othawa kuumirizidwa aja anayamba kuumiriza anzao. Akuru a boma analanga anthu pa zolakwa za cipembedzo, ndipo munthu wosalowa mpingo sanaloledwe kusankha atsogoleri. Williams anaphunzitsa kuti boma liri nayo mphamvu pa mbala ndi pa wakupha mnzace, koma za pakati pa munthu ndi Mulungu siziri m'manja mwace. Pakuti pemphero locita poopa cikoti siliri pemphero. Anatinso Mfumu ya England inalibe mphamvu ya kugawira anthu ace dziko limene linali ndi mafumu ace kale, koma alendo ayenera kupempha ndi kugula kwa eni.

Mau awa anawawa akuru. Mu Okutobala 1635 bwalo la Massachusetts linagamula kuti acoke. Popeza anadwala, anamlola akhale kufikira cisanu citatha. Koma pakumva kuti ali kuphunzitsabe m'nyumba mwace ku Salem, anatuma anthu mu Januwale 1636 kuti amgwire ndi kumkweza ngalawa ya ku England. Anapeza atacoka masiku atatu apitawo. Anayenda m'thengo pakati pa cipale cofewa, atasiya mkazi ndi ana awiri aang'ono. Amene anamsunga masabata 14 ndiwo eni dziko a mtundu wa Wampanoag, anthu a mfumu Massasoit, amene iye anaphunzira cinenero cao kale.

Caka comweco analandira malo kwa Canonicus ndi Miantonomi, mafumu a mtundu wa Narragansett, namanga mudzi umene anaucha Providence, ndiko kunena cisamaliro ca Mulungu. Okhalamo anapangana kumvera malamulo pa za dziko zokha. Pamenepo anayamba kufika ena opirikitsidwa kwina. Mu 1643 anamka ku England kukapempha kalata wokhazikitsa midziyo, nalandira mu 1644. Ali pa nyanja analemba buku la cinenero ndi miyambo ya Anarragansett, lochedwa A Key into the Language of America. Buku lace lina, lotsutsa kuzunza anthu cifukwa ca cikumbumtima, Nyumba ya Malamulo ya England inalamula kuti litenthedwe. Koma mu 1663 Mfumu Charles II anapatsa dzikolo, lochedwa Rhode Island, kalata wonena kuti munthu asabvutidwe cifukwa ca maganizo ace pa cipembedzo.

Wina asayese kuti Williams anali munthu wobvomera ziphunzitso zonse ai. Anali wouma mutu ndi wokonda kutsutsana. Anathandiza kuyamba mpingo woyamba wa Baptist mu America, koma patapita miyezi yowerengeka anaturukamo. Ciphunzitso ca anthu ochedwa Quakers sanacifune konse. Koma pamene a ku Boston anawakwapula, napacika anai a iwo, Rhode Island inawalandira, monganso inalandira Ayuda ku Newport. Mu 1672, ali nkhalamba ya zaka pafupi 70, anapalasa yekha bwato mamailosi 30 kumka ku Newport kukatsutsana nao pamaso pa anthu. Anawatsutsa kolimba ndi pakamwa, koma sanawaitanire msilikali. Apa ndipo pamene cikhulupiriro cace cinayesedwa, pakuti kufunira ufulu abwenzi ako nkosabvuta, koma iye anaufunira iwo amene anawayesa osokera.

Mbiri yace iri nao mabala ace. Mu 1636 anakopa Anarragansett kuti asagwirizane ndi mtundu wa Pequot pa nkhondo. Potero anapulumutsa anthu omwe aja anampirikitsa. Koma caka cotsatira Angerezi anatentha linga la Apequot ku Mystic, nafamo anthu mazana, akazi ndi ana omwe. Pambuyo pace, m'nkhondo yaikuru ya 1675 ndi 1676, ubwenzi wa zaka 40 unasweka. Anarragansett anatentha Providence pamodzi ndi nyumba yace. Nkhondo itatha, Williams anali mmodzi wa akuru amene anakonza za kugulitsa ogwidwa kuti akhale akapolo. Munthu amene anaona bwino pa za cikumbumtima sanaone bwino pamenepa, ndipo sitiyenera kubisa.

Anamwalira ku Providence kuciyambi kwa caka ca 1683, ali wosauka. Patapita zaka 108, mu 1791, lamulo lalikuru la United States linaletsa boma la dziko lonse kukhazikitsa cipembedzo kapena kuletsa munthu kupembedza. Massachusetts inafafaniza ciweruzo ca kumpirikitsa mu 1936.

Abale, m'midzi yathu muli mipingo yosiyana, ndi ena osapemphera konse. Tikatsutsana nao, titsutsane ndi mau ndi makhalidwe abwino, tisathamangire kwa mfumu kapena ku boma kuti atiumirizire mnzathu.