Dr. Aggrey, Mwana wa Wolankhulira Mfumu

James Emman Kwegyir Aggrey anabadwa m'caka ca 1875 ku Anomabu, m'dziko la Gold Coast, limene lero lichedwa Ghana. Atate ace, a Kodwo Kwegyir, anali wolankhulira mfumu, ndiye munthu wolandira mau a mfumu ndi kuwapereka kwa anthu pabwalo, natenganso mau a anthu kuwafikitsa kwa mfumu. Motero mwanayo anakula m'nyumba imene mau anali kuyesedwa bwino asanaturuke pakamwa.

Anaphunzira pa sukulu ya Mishoni ya Wesley ku Cape Coast, nayamba uphunzitsi akali mnyamata. M'caka ca 1898 anaoloka nyanja kunka ku America, kukaphunzira pa Livingstone College, kumene pambuyo pace anakhala mphunzitsi zaka zambiri. M'caka ca 1920 anasankhidwa kukhala m'bungwe la Phelps-Stokes loyendera masukulu a mu Africa, ndipo pa ulendo waciwiri, m'caka ca 1924, bungwelo linafika ku Nyasaland ndi kuno kwathu.

Poimirira pamaso pa khamu, Aggrey sanali kuunjika mau ozama kuti aonetse maphunziro ace, koma anali kusimba mafanizo. Anasimba za ciombankhanga coleredwa pakati pa nkhuku, cimene cinaiwala kuuluka kufikira tsiku limene anacipenyetsa dzuwa loturuka. Ananenanso za makiyi akuda ndi oyera a piyano, kuti nyimbo yokoma ifuna onse awiri. Anthu anabwerera kwao atasenza fanizo, nalisimbira anzao amene sanafike. Mmodzi wa iwo amene anamumva ku Johannesburg m'caka ca 1921 anali mnyamata wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, amene pambuyo pace anapita ku America kukaphunzira.

Pomanga sukulu ya Achimota, kumene iye anali waciwiri kwa mkulu wa sukulu, A. G. Fraser, panali nkhani yakuti asungwana aphunzire pamodzi ndi anyamata. Aggrey anaonetsa Bwanamkubwa Guggisberg kuti kuphunzitsa mkazi ndiko kuphunzitsa banja lonse, kufikira Bwanamkubwayo anavomera. Nkhani imeneyi siikanatheka ndi kupfuula pamsonkhano. Inafuna kuleza mtima ndi zifukwa zomveka.

Anamwalira ku New York pa 30 July 1927, caka comweco cimene Achimota inatsegulidwa.

Mphunzitsi wa kumudzi ali nazo nchito zonse ziwiri. Pa msonkhano wa makolo ayenera kulankhula mau amene ndi nkhalamba yosawerenga yomwe ingathe kuwakumbukira. Koma kholo limene laturutsa mwana wace wamkazi pasukulu silingabwezedwe pomudzudzula pagulu. Ameneyo afunika kumtsata kunyumba, kukhala naye pamphasa, ndi kumva dandaulo lace poyamba.