Daddy Zemus: Mfumu ya Ragga Imene Inabwezera Nyimbo za Zambia pa Wailesi

Malemu Anthony Kafunya, wodziwika ndi dzina lakuti Daddy Zemus, anamwalira pa 3 Januwale 2001. Amakumbukidwa monga mfumu ya Zam-ragga ndiponso mmodzi mwa anthu amene anatsegula njira ya nyimbo zamakono zovina mu mzinda wa Lusaka.

Iye anayamba kumveka panthawi imene zoimbaimba zinali zitalowa pansi m'dziko. M'zaka za m'ma 1970, a Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za eni dziko, ndipo magulu a Zamrock anakula. Koma cuma citagwa, zida zoimbira zinakwera mtengo, kampani ya Teal Records inaleka kutulutsa zimbale, ndipo akatswiri monga a Paul Ngozi, amene anamwalira mu 1989, anatha mmodzimmodzi. Pofika m'ma 1990, m'malo ovinira ndi m'maminibasi munkamveka rumba ya ku Congo ndi nyimbo za ku South Africa.

Yankho linacokera kutali. Mu 1985 ku Jamaica, King Jammy anatulutsa nyimbo ya Wayne Smith yotchedwa Under Mi Sleng Teng, imene kugunda kwake kunacokera m'kakiyibodi ka Casio. Apo ndi pamene panabadwira ragga, ndipo zinaonekeratu kuti wacinyamata wopanda gulu la oimba angathe kujambula nyimbo ndi makina okha. Daddy Zemus anatenga kugunda kumeneku n'kuikapo cilankhulo ca m'misewu ya Lusaka, cosakaniza Cinyanja ndi Cingerezi. Nyimbo yake ya Salaula inatenga dzina la zovala zakaunjika zimene zinadzaza m'misika monga wa Soweto. Anthu a m'makomboni anamvamo moyo wao weniweni.

Mu 1999 a Chisha Folotiya anakhazikitsa kampani ya Mondo Music mu Lusaka, ndipo caka comweco cimbale ca Daddy Zemus cotchedwa Chibaba cinatuluka. Wailesi ya Phoenix, imene inayamba kuulutsa mau mu 1996, pamodzi ndi ZNBC zinafalitsa nyimbozo kufika ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga. Ngakhale ana a m'mayadi, amene ankanyoza nyimbo za kwao, anayamba kuzigula ndi kuzivina. Oimba ena a Mondo monga Black Muntu, Shatel, Joe Chibangu ndi JK anadutsa pakhomo lomwelo.

Imfa inam'tenga patangopita caka cimodzi Chibaba citatuluka, asanadye zipatso za thukuta lake. Komabe njira yake sinafafanizike. Lero wacinyamata wa mu Lusaka akakhala pa kompyuta m'kacipinda kojambuliramo, n'kuimba m'Cinyanja mosacita manyazi, akuyenda m'mapazi a Daddy Zemus.