Bambo Georges Lemaître, Wansembe Wodziwa za Nyenyezi

Pakati pa ansembe a Eklezia Katolika alipo ambiri amene akumbukidwa chifukwa cha matchalitchi amene anamanga, kapena maulendo aatali amene anayenda polalikira. Bambo Georges Lemaître a ku Belgium sanamange tchalitchi, ndiponso sanasunge parishi. Zida zao zinali choko ndi bolodi. Koma ndiwo anaphunzitsa anthu kuti thambo lonse, pamodzi ndi nyenyezi zache zosawerengeka, silinaime chiimire, koma likufutukuka, ndi kuti linali ndi chiyambi chache.

Georges anabadwa pa 17 Julayi 1894 mu mzinda wa Charleroi, dera la migodi ya malasha, ndipo anali woyamba mwa ana aamuna anai. Anaphunzira kwa Abambo a chipani cha Yesu, poyamba kwao ku Charleroi, pambuyo pache ku Brussels. Kuyambira ubwana wache mtima wache unali pa zinthu ziwiri, unsembe ndi masamu. Koma m'chaka cha 1911 analowa Yunivesite ya Katolika ya Louvain kukaphunzira uinjiniya. Nkhondo yaikulu yoyamba inadula maphunzirowo. M'mwezi wa Ogasiti 1914 Ajeremani analowa m'Belgium, natentha nyumba ya mabuku ya Louvain; Georges ndi mng'ono wache Jacques anadzipereka okha ku usilikali. Anakhala kunkhondo zaka zinai, nthawi yambiri m'gulu la mizinga, nabwerako ndi mendulo ya ulemu. Pobwerera ku Louvain anasiya uinjiniya, natsata masamu, nalandira digiri ya udokotala mu 1920. Chaka chomwecho analowa seminale ku Malines, ndipo pa 22 Sepitembala 1923 Kardinala Mercier anamdzoza unsembe. Anali wansembe wa dayosizi, osati wa chipani cha Yesu monga ambiri amaganizira.

Ali m'seminale anawerenga payekha chiphunzitso chatsopano cha Albert Einstein, chimene chinatuluka mu 1915, chofotokoza mphamvu imene imakokera zinthu pamodzi. Masiku amenewo anthu ochimvetsa anali owerengeka. Zimene analemapo zinampezera ndalama za ulendo, ndipo Kardinala, pokhala munthu wokonda maphunziro, analola wansembe wache watsopano kupita kunja. Kotero Bambo Lemaître anakhala chaka chimodzi ku Cambridge, ku England, pa mapazi a Arthur Eddington, ndi chaka china ku America, ku Harvard ndi ku Massachusetts Institute of Technology.

Anafika ku America pa nthawi yoyenera. M'thambo muli timadontho tina tooneka ngati timitambo tozungulira, ndipo akatswiri anali kutsutsana ngati timitambo timeneti tili m'kati mwa Mlalang'amba wathu kapena kunja kwache. Edwin Hubble, poyang'ana ndi telesikopu yaikulu ya pa phiri la Mount Wilson, anapeza kuti kamtambo ka Andromeda kali kutali zedi, ndipo ndi mlalang'amba wina pawokha. Nkhaniyi inalengezedwa pa 1 Januwale 1925. Winanso, Vesto Slipher wa ku Flagstaff, anali atayeza kuwala kwa timitambo timeneti kuyambira 1912, naona kuti pafupifupi tonse kuwala kwache kwapendekera ku mtundu wofiira. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa njanji adziwa kuti kulira kwa sitima kumamveka kosongoka pamene ikubwera, ndipo kumatsika ikangodutsa. Kuwala nakonso kumatero: chinthu chimene chikutalikira, kuwala kwache kumafiirira. Tsono milalang'amba inali kuthawa, ina pa liwiro loposa makilomita 1,000 pa sekondi imodzi, ndipo panalibe wodziwa chifukwa chache.

Einstein mwini, monga anzache onse, anakhulupirira kuti thambo likhala chikhalire, ndipo mu 1917 anaonjezera chiwerengero china m'masamu ache kuti chilichirikize, lisagwe kapena kufutukuka. Bambo Lemaître, atabwerera kukaphunzitsa ku Louvain, anaona kuti thambo lotere lili ngati dzira loimikidwa pa nsonga yache: kalikonse kakalikhudza, liyamba kuyenda. Mu 1927 analemba kuti milalang'amba sikuthamanga m'thambo monga mbalame mumlengalenga ai, koma danga lenilenilo la pakati pache ndilo likukula. Mwana atenge mphira ya legeni, alembepo madontho ndi makala, naikoke. Dontho loyandikana ndi chala chache lisuntha pang'ono, lakutali lisuntha kwambiri; ndipo nyerere yokhala pa dontho lina lililonse idzaona anzache onse akuithawa, ngati kuti iyo ndiyo ili pakati. Chomwecho mlalang'amba wotalikira kawiri uyenera kuthawa pa liwiro lowirikiza kawiri.

Sanalekere pa maganizo okha. Anatenga milalang'amba 42 imene liwiro lache linali litayezedwa, nawerengera kuti liwiro limakwera ndi makilomita 625 pa sekondi pa mtunda uliwonse wa megaparsec imodzi, ndiwo mtunda umene kuwala kumayenda zaka zoposa 3,000,000. Lero chiwerengerocho chili pafupi ndi 70, pakuti mitunda imene anthu ankadziwa nthawi imeneyo inali yochepa kwambiri kuyerekeza ndi yeniyeni. Koma lamulo lache linali loona.

Tsoka lache, analemba m'Chifalansa, m'magazini ya Annales de la Société Scientifique de Bruxelles, imene akatswiri a ku England ndi ku America sankaitsegula kawirikawiri. M'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho Einstein anafika ku Brussels ku msonkhano wa Solvay, ndipo wansembeyo anapeza mpata wolankhula naye. Einstein anamuuza zinthu ziwiri zowawa: kuti Alexander Friedmann wa ku Russia, amene anamwalira mu 1925, anali atapeza kale masamu ofanana mu 1922, ndi kuti masamu a wansembeyo analibe cholakwa, koma tanthauzo lache linali lonyansa. Chimene Friedmann sanachite ndicho kulumikiza masamuwo ndi zooneka m'thambo. Patapita zaka ziwiri, mu 1929, Hubble anasindikiza zoyeza zache zoonetsa lamulo lomwelo, ndipo dziko lonse linalitcha lamulo la Hubble.

Mu 1930 Eddington anadandaula poyera kuti palibe amene wapeza masamu a thambo loyenda. Bambo Lemaître anamlembera kalata yomkumbutsa kuti wophunzira wache wakale anamtumizira masamu amenewo zaka zitatu zapitazo. Eddington anachita manyazi, nakonza kuti nkhaniyo imasuliridwe m'Chingerezi, ndipo inatuluka mu 1931. Koma m'Chingerezimo ndime zimene zinawerengera liwiro lija munalibe. Kwa zaka zambiri anthu ena anaganiza kuti wina anazichotsa mwachinyengo kuti akondweretse Hubble, kufikira mu 2011, pamene Mario Livio anapeza kalata ya Bambo Lemaître eni ache. Anamasulira okha, nazichotsa okha, poona kuti zoyeza za Hubble zinali zatsopano ndi zabwino koposa zao. Munthu wina akadamenyera ulemu umenewo moyo wache wonse. Iwo anali atayamba kale kuganiza za china.

Chinacho ndi ichi: ngati thambo likukula, dzulo linali laling'ono kuposa lero, ndipo munthu akabwerera m'mbuyo ndithu adzafika pa nthawi imene zonse zinali pamodzi. Pa 9 Meyi 1931 magazini ya Nature inasindikiza kalata yao yaifupi, yosadzaza ngakhale tsamba limodzi, yonena kuti chilengedwe chonse chinayamba ngati atomu imodzi yolemera zosaneneka, imene inasweka, zidutswa zache nkuswekanso, kufikira panakhala zonse zimene tiziona. Anati ife tafika mochedwa, monga munthu wofika pa dambo lupsa litatha, napeza phulusa ndi utsi, nayesa kulingalira ukulu wa moto umene unadutsapo. Eddington, chinkana anali munthu wopembedza, ananyansidwa ndi ganizo lakuti thambo linayamba mwadzidzidzi. Einstein anavomera tsopano kuti thambo likukula, ndipo anacheza nao mwaubwenzi ku Pasadena mu Januwale 1933, koma za atomu yoyambayo anakayika, poganiza kuti zikununkha katekisimu. Ambiri anaganiza chimodzimodzi: munthu wovala mkanjo wakuda akanena za chiyambi, ndiye kuti akulowetsa buku la Genesis pa khomo la kuseri.

Panalinso vuto lenileni, losakhudza mkanjo. Potsata ziwerengero za Hubble, thambo linaoneka la zaka pafupifupi mabiliyoni 2, pamene miyala ina ya dziko lapansi inaoneka ya zaka zomwezo kapena kuposa. Ndipo mwana sangakule kuposa amai ache. Bambo Lemaître anayankha ndi chiwerengero chija chimene Einstein anaonjezera mu 1917, ndi chimene tsopano anafuna kuchitaya. Iwo anachikakamira, nati thambo linayamba ndi liwiro lalikulu, kenaka linazengereza nthawi yaitali, pamene milalang'amba inaumbika, ndipo pambuyo pache linayambanso kufulumira. Einstein sanagonje. Koma mu 1998 magulu awiri a akatswiri, poyeza nyenyezi zophulika zakutali, anapeza kuti kukula kwa thambo kukufulumiradi. Pa chinthu china analakwa: anayesa kuti cheza champhamvu chimene chimagwa pa dziko kuchokera kumwamba ndicho zotsalira za atomu yoyamba, nataya zaka zambiri pochifufuza, pamene chambiri chimachokera m'Mlalang'amba wathu womwe uno.

Ulemu unabwera. Mu 1934 Mfumu Leopold III inawapatsa mphotho ya Francqui, ndipo Einstein anali mmodzi wa owasankha. Mu 1936 Papa Pius XI anawaika m'bungwe la Apapa la akatswiri a sayansi. Koma nkhondo yachiwiri inawatsekera ku Belgium, nyumba ya mabuku ya Louvain inapsanso mu 1940, ndipo itatha nkhondo kunabuka chiphunzitso china. Mu 1948 Fred Hoyle, Hermann Bondi ndi Thomas Gold anati thambo lilibe chiyambi, koma zinthu zatsopano zimangobadwa pang'onopang'ono kudzaza mipata. Hoyle ndiye, polankhula pa wailesi ya BBC mu 1949, anatcha chiphunzitso cha otsutsana naye Big Bang, ndiko kuti kuphulika kwakukulu, ndipo dzinalo linakanirira.

Chiyeso chovuta koposa sichinachokere kwa otsutsa, koma kwa abwenzi. Pa 22 Novembala 1951 Papa Pius XII, polankhula kwa bungwe lija la sayansi, ananena mau osonyeza kuti sayansi yatsopano yakhala mboni ya mphindi imene Mulungu analamula kuti kuyere. Akatolika ambiri anakondwa. Bambo Lemaître anavutika mumtima. Anadziwa kuti chiphunzitso chao chinali chisanatsimikizike, ndipo chikadagwa, anthu akadati chikhulupiriro chagwa nacho. Komanso, ngakhale chikadatsimikizika, iwo anasiyanitsa chiyambi ndi chilengo. Chiyambi ndi malire amene masamu angafikepo pobwerera m'mbuyo. Chilengo ndi kudalira Mulungu kwa zinthu zonse kuti zikhalepo, lero monga pa tsiku loyamba, ndipo telesikopu singachione. Apa anali kuyenda m'njira ya Tomasi Woyera wa ku Aquino, amene anaphunzitsa kuti nzeru za munthu pazokha sizingatsimikize kuti dziko linayamba pa nthawi, ndi kuti ngakhale dziko lopanda chiyambi likadakhala lolengedwa. Ankakonda kukumbutsa za Mulungu wobisika wa m'buku la mneneri Yesaya, amene sayenera kuyesedwa ngati chinthu chimodzi mwa zinthu za m'thambo. Za Baibulo ankati linalembedwa kuti liphunzitse njira ya chipulumutso, osati kuwerengera zaka za nyenyezi. Sanatsutse Papa pa bwalo. Anapereka nkhawa zao mwaulemu ku Roma, ndipo mu Sepitembala 1952, pamene Papa analankhula kwa akatswiri a nyenyezi a maiko onse osonkhana ku Roma, sanalumikizenso zinthu ziwirizo.

Zaka zao zotsiriza anazithera pa makina owerengera. Mu 1958 anabweretsa ku Louvain kompyuta yoyamba ya yunivesiteyo, Burroughs E101, naphunzira kuilembera malamulo ali ndi zaka 64. Anali munthu wonenepa, wa phwete lalikulu, wokonda kuimba piyano. Ndipo moyo wao wonse waunsembe anali m'gulu la ansembe a dayosizi lotchedwa Abwenzi a Yesu, amene ankalumbira umphawi ndi kusunga nthawi yaitali ya kusinkhasinkha tsiku ndi tsiku. Ambiri mwa anzao a sayansi sankadziwa zimenezi. Mu 1960 Papa Yohane XXIII anawapatsa udindo wa Monsinyo, nawaika kukhala mtsogoleri wa bungwe lija la sayansi.

Kumapeto kwa 1964 anadwala mtima, ndipo sanapezenso mphamvu. Mu 1965 Arno Penzias ndi Robert Wilson a ku New Jersey analengeza kuti mlongoti wao wa wailesi ukumva kaphokoso kosatha kochokera mbali zonse za thambo mofanana, usana ndi usiku. Kanali kutentha kotsala kwa moto woyamba uja, kozizira tsopano kufikira madigiri osakwana 3 pamwamba pa kuzizira kotheratu. Wothandiza wao, Odon Godart, anawafikitsira nkhaniyi ali chigonere. Anamwalira ku Louvain pa 20 Juni 1966 ndi khansa ya m'magazi, ali ndi zaka 71, naikidwa m'manda a banja lao ku Marcinelle, pafupi ndi Charleroi. Poyeza kutentha komweko, akatswiri apeza kuti thambo lili ndi zaka mabiliyoni 13.8. Mu Okutobala 2018 mamembala a International Astronomical Union anaponya voti, ndipo 78 mwa 100 alionse ovota anavomera kuti lamulo lija lizitchedwa la Hubble ndi Lemaître.