Mbiri ya Louisa May Alcott

Louisa May Alcott anabadwa ku Amereka m'caka ca 1832. Atate wace anali mphunzitsi wanzeru, koma wosakhoza kudyetsa banja. Cotero namwaliyo anasoka zobvala, naphunzitsa ana, nagwiranso nchito m'nyumba ya eni, kuti amace apumuleko. M'1862 anamka kukasamala asilikari olasidwa pankhondo, nadwala kowopsa.

Polemba buku lija Little Women m'1868, sanafuna nkhani zakutali, koma anasimba za kwao: ana akazi anai, umphawi wao, ndi mphwace Elizabeth, amene anamwalira m'1858. Bukulo linabweza mangawa a banja, ndipo lero ena alimva likuwerengedwa pa makina.

Iye sanakwatiwa. Anamwalira m'1888, atangopita masiku awiri cimwalirire atate wace.