David Livingstone pa Mabwinja a Zumbo

David Livingstone anabadwa ku Blantyre, m'dziko la Scotland, m'caka ca 1813. Makolo ace anali osauka, ndipo pokhala wa zaka 10 analowa nchito yopota thonje. Koma madzulo anali kuwerenga, kufikira anaphunzira udotolo. Anafika m'Afrika mu 1841, wotumidwa ndi London Missionary Society.

Mu Novembala 1855 ananyamuka ku Linyanti kulinga ku nyanja ya kum'mawa, kuti akakwere combo ca kwao. Mfumu Sekeletu inampatsa amuna 114. Mu Disembala anafika kwa mfumu Semalembue, m'mbali mwa Kafue, mtsinje womwewo wopita pa Nangongwe, nalandiridwa ndi ufa, cimanga ndi mtedza. Ataoloka anakwera mapiri, napenya pansi: cigwa cinadzala njobvu, njati ndi mbidzi.

Pa 14 Januwale 1856 anafika pamene Luangwa athira m'Zambezi. Anthu a mfumu Mburuma sanamkhulupirire, pakuti mzungu wina anali atagwirako anthu ukapolo m'dzikomo. Poyendayenda, Livingstone anapeza makoma a miyala a nyumba yopemphereramo yakugwa, ndi belu losweka lokhala ndi mtanda ndi malemba I.H.S. Madzulo ace mtima unamubvuta, nalingalira zooloka Luangwa usiku mobisala. Koma atawerenga mau otsiriza a Mateyu 28, analeka.

M'mawa anambwereka bwato umodzi wokha, ndipo amuna a zida anaima pambuyo pace. Iye anawaonetsa wochi yace ndi galasi loyatsa moto ndi dzuwa, kufikira katundu, ng'ombe ndi anthu ace zonse zitaoloka. Mwini wace anaoloka potsiriza.

Tsidya lija anaona mabwinja a Zumbo: nyumba za miyala 8 kapena 10, pamtunda m'mbali mwa phiri la Mazanzwe, zonse zopenya kumtsinje. Amalonda Acipwitikizi anasankha malo okongola ndithu. Koma malonda ao anali minyanga ndi anthu.

Anafika ku Quelimane pa 20 Meyi, ndi ku England mu Disembala. Amuna ace anawasiya ku Tete nalonjeza kubwera. Anabweradi, naperekeza kwao mu 1860 iwo amene anafuna kubwerera.

Anamwalira kwa Chitambo pa 1 Meyi 1873. Mtima wace unaikidwa pansi pa mtengo wa mpundu. Susi, Chuma ndi anzao anasenza mtembo kufikira ku Bagamoyo, ndipo unaikidwa ku Westminster Abbey mu 1874.